Pakati pa Livulezi ndi Bwanje

Sunthirani pafupi, nkhani iyi siyofuula. Akufa samanama. Onama ndi awa oyenda ndi nsapato zopolisha, amene amafika pamaliro nkhope zili zakugwa, n'kulira mokweza kuposa mwini maliro.

Bambo Elisha Ndau anagwira ntchito zaka zambiri pakampani ina yaing'ono ku Limbe, pamwamba pa shopu ya matayala. Kampaniyo inkasungira anthu zinthu zawo za pakompyuta: masukulu, timabungwe, eni mashopu. Zonsezo zinkakhala m'makina otchedwa maseva, m'kachipinda kozizira kopanda zenera. Makinawo anali m'makabati anayi achitsulo, ndipo a Ndau anawatcha mayina a mitsinje ya kwawo ku Ntcheu: Livulezi, Bwanje, Rivirivi ndi Lisungwi. Ankawalamula pasikirini yakuda bii, polemba timawu timene ankatisunga m'mutu mwawo. Panalibe chithunzi, panalibe batani. Munthu wina akasuzumira ankangoona ngati nyerere zoyera zikuyenda pamakala.

Lachisanu lina a Ndau sanabwerere kunyumba. Mwini kampaniyo, a Likagwa, anati mkuluyo anadandaula za chifuwa ali pampando wake, iwo n'kumuthamangitsira kuchipatala, koma anatsirizikira pageti galimoto isanaime n'komwe. Anthu anati, "Koma bwana ameneyu ndi wachifundo."

Kwawo kwa a Ndau, munthu akafera kutali samangonyamula thupi lokha. Amapita pamene wafera ndi nthambi ya kankhande, mtengo waminga uja, n'kumuitana kuti atsate thupi lake kumudzi. Choncho mlongo wa malemuyo, azakhali aNandau, anakagwada pageti la chipatala pakati pa ogulitsa nthochi, n'kuitana. Amene ananyamula nthambiyo anali mwana wa malemuyo, Fanuweli, mnyamata wamtima wapachala amene sukulu analekeza Fomu 2 n'kumakonza mafoni pafupi ndi msika.

Maliro anaikidwa. Koma amake a Fanuweli, amene anatsalira kumudzi kudikira m'meto, anayamba kumuimbira foni m'mawa uliwonse.

"Abambo ako sanafike kuno."

"Amayi, si tinawaika tonse?"

"Tinaika nyumba yawo. Eniake sanafike. Ndikumawalota ataima pamalo opanda dzuwa, manja ali m'khwapa, akundifunsa juzi yawo."

Juzi yotuwa ija, imene a Ndau ankavala polowa m'chipinda chozizira, munalibe m'katoni ya katundu wawo imene kampani inabweza.

Maliro asanazizire, a Likagwa anamuitana Fanuweli n'kumupatsa ntchito. "Ndiwe mwana wathu," anatero, dzanja lili paphewa pake. Fanuweli analiyang'ana dzanjalo. Anadzifunsa kuti munthu amene sankamudziwa ndi dzina lomwe wamukondera chiyani lero. Koma anavomera, chifukwa ankafuna kukhala pafupi ndi anthuwo n'kumaona nkhope zawo.

Pakampanipo zinthu zinali zitathina. Makina akadwala panalibe wodziwa kuwayankhula. Ndiye a Likagwa analemba ntchito mtsikana wina wophunzira, Upile, kuti apange sikirini yatsopano ya zithunzi ndi mabatani.

"Ndikufuna chinthu choti ngakhale Goliati uyu azitha kugwiritsa ntchito," anatero akuloza dalaivala wawo. "Sindikufunanso kampani yanga izikhala m'mutu mwa munthu mmodzi."

A Goliati anaseka kuseka kwa mano okha. Mkuluyu kale ankasewera bawo ndi a Ndau pansi pa masitepe masana alionse, koma tsopano akakumana ndi Fanuweli ankayang'ana nsapato zake. Akatumidwa kukasiya kanthu m'chipinda chozizira, ankaima pakhomo n'kukakankhira m'kati ndi phazi.

Upile anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sanathamangire kompyuta. Anagula mapepala olimba ndi zolembera zamitundu, n'kuyamba kujambula sikirini iliyonse pamanja.

"Pepala likalakwika umangong'amba, achimwene," anamuuza Fanuweli. "Tiziitana anthu kuti azidina mabatani apapepalawa ndi chala. Inuyo mukhala kompyuta. Munthu akadina, mumuikire pepala lotsatira. Ine ndizingoona pamene chala chikusochera."

"Ndiye mwapita kukoleji kukaphunzira masanje?"

"Eya, ndipo inu ndinu kompyuta yotchipa kuposa zonse mu Limbe muno. Takhalani apo."

Poyamba anajambula mndandanda wa mayina a makina, koma anaona kuti anthu akusokonezeka. Ndiye anajambula chipinda chenichenicho ngati ukuchionera padenga: khomo, makabati anayi, ndi mipata yapakati pake. Kabati yathanzi yobiriwira, yodwala yofiira. Munthu azingodina kabati imene akuifuna. Pakati pa Livulezi ndi Bwanje panali mpata waukulu, ndipo popeza malo analipo, Upile anamatapo kapepala kolembedwa kuti Thandizo.

Woyamba kuyesedwa anali a Goliati.

"Madala, tiyerekeze kuti ndi Loweruka, muli nokha muno," anatero Upile. "Bwanje wafiira, simukudziwa chochita. Mudina pati?"

Chala cha a Goliati chinanyamuka pakhomo lapapepalalo, chikuyenda ngati munthu woyenda m'chipinda. Chitafika pafupi ndi mpata uja chinaima. Kenako chinakhota, n'kuzungulira kuseri kwa Rivirivi.

"Mukufuna chiyani uko?"

"Ndikufuna... sindikuliona batani lake."

"Si ili apa, zilembo zazikulu chonchi?"

"Maso, mwanangu. Magalasi ndasiya m'galimoto."

Anatuluka kukatenga magalasi, osabweranso.

A Likagwa anayesedwa masana. Analowa akuseka, akuti masewera a ana awa akuwadyera ndalama zawo. Upile anawafunsa funso lomwelo. Chala chawo chonenepa, champhete, chinatsika molimba mtima, koma chisanagunde pepala chinapatuka ngati chakumana ndi mbaula. Anadina Lisungwi, kumapeto kwenikweni.

"Bwana, wodwala ndi Bwanje."

"Batani limenelo waliika poipa," anatero mwaukali. "Palibe angalione pamenepo. Lichotse."

Fanuweli, kompyuta uja, anali pambali atagwira mapepala. Anaona thukuta pamphuno pa bwana, m'chipinda chimene munali mphepo.

Upile sanakangane nawo. Anamatula Thandizo n'kuliika pakona. Mawa lake onse awiri analidina bwinobwino, a Goliati opanda ndi magalasi omwe. Pampata paja anamatapo batani lina, loonetsa kutentha kwa chipinda. Limenelonso sanalikhudze. Anasinthanso, n'kuikapo la Bwererani. Chimodzimodzi. Zala zawo zinkalambalala pamenepo monga anthu amalambalalira manda.

"Vuto si batani," anatero Upile atatsala awiri, akutafuna cholembera. "Ndi malowo. Koma pamenepa ndangojambulapo pansi basi. Matailosi."

Anatsika n'kukaitana mkulu wina wa pamatayala, amene sanalowepo m'chipindamo chibadwire. Mkuluyo anapukuta dzanja paovolosi, n'kudina pampatapo mosavuta. Koma anachotsa chala msanga n'kuchiyang'ana.

"Mwathirapo madzi apa?"

Pepalalo linali louma kwina konse. Pakati pa Livulezi ndi Bwanje pokha panali pachinyezi, potupa pang'ono. Upile anajambula lina. Pofika madzulo nalonso linali litanyowa pomwepo. Analitsekera m'dilowa, m'mawa n'kulipeza pamwamba pa tebulo. Anamukalipira Fanuweli kuti asamamuseweretse, koma atamuyang'ana m'maso analeka.

Panalinso kaphokoso. Kankamveka masana dzuwa lili pamutu, pamene a pamatayala azimitsa makina awo kukadya. Kuseri kwa chitseko cha chipinda chozizira, pansi pa kulira kwa makina, kunkamveka ngati munthu akugogoda chitsulo ndi chikhadabo. Sikunali pamwamba pamene pamafika dzanja la munthu woimirira. Kunali m'munsi, pafupi ndi pansi. Kakayamba, a Likagwa ankakweza wailesi muofesi mwawo.

Fanuweli anayamba kukayikira aliyense. Ngakhale Upile. Anamufunsa tsiku lina, "Kodi inu anakuuzani chiyani pokulembani ntchito?"

"Anati amene ankadziwa makina anamwalira."

"Anamwalirira kuti?"

"Achimwene, ine ndabwera dzana. Mukundiyang'ana choncho bwanji?"

Patapita masabata, mapepala anasanduka sikirini yeniyeni. Inali yokongola, n'zoona. Makabati anayi obiriwira, mayina awo pamwamba, ndipo ukafuna kuzimitsa makina inkayamba yakufunsa kuti, Mwatsimikiza? Upile ananyadira. Anagwira mausi kuti amuonetse Fanuweli, n'kukoka kamuvi kuchokera pa Livulezi kupita pa Bwanje.

Kamuviko kanakhota. Dzanja lake linayenda molunjika, koma kamuvi kanazungulira mpata uja n'kukatulukira mbali inayo.

Anasintha mausi. Anasintha kompyuta. Anafufuza zonse zimene analemba, mzere ndi mzere, mpaka tiyi wake anazizira. Kenako anayamba kuyendetsa kamuviko pang'onopang'ono, kukakankhira pampatapo kuchokera mbali zonse, kuti aone malire a malo okanawo. Kamuvi kankatsetsereka m'mphepete mwa chinthu chosaoneka. Chinali chachitali, chopingasa, chopindika chapakati. Kumtunda kwake kunali kozungulira.

Upile anasiya mausi n'kubisa manja pansi pa tebulo.

"Ine sindinajambule zimenezo," ananong'ona.

Fanuweli anadzuka n'kukatsegula chitseko cha chipinda chozizira. Munalibe kanthu. Matailosi oyera mbee, opanda ndi kafumbi komwe, monga ankafunira abambo ake. Anagwada pakati pa makabati awiriwo n'kuika chikhatho pansi. Kuzizira kwa pamenepo kunali kwina. Kunakwera m'dzanja mpaka m'mano. Ndipo anamva kafungo ka makoko a manachesi, amene abambo ake ankasenda ndi chala chachikulu n'kuwasunga m'thumba la juzi.

Anatuluka n'kuimbira azakhali ake. ANandau anamvetsera osamudula. Kenako anati, "Ndiye kuti pageti paja ndinagwadira nthochi. Anthu oipa! Ndikubwera."

Anafika Lachiwiri chakum'mawa, atamanga chitenje chakuda, nthambi ya kankhande ili m'manja. Anakwera masitepe akupuma mwamphamvu. A Likagwa anatuluka muofesi.

"Mayi, muno ndi pantchito. Nthambi zaminga m'chipinda cha makina? Simungalowe."

"Ndabwera kudzatenga mlongo wanga."

"Mlongo wanu anafera kuchipatala."

"Ngati anafera kuchipatala, ndiye mukuopa chiyani? Ndilowa, ndiitana mphepo, ndituluka. Kapena inuyo mulowe nane, mukaime pakati pa makabati awiriwo, munenenso mawu amenewo."

A Likagwa sanasunthe. Upile anadutsa pambali pawo n'kutsegula chitsekocho yekha.

Asanalowe, azakhali anamugwira Fanuweli pachibwano. "Ndimakudziwa iwe, mtima wako uli pakamwa. Mvetsa. Ukanyamula nthambiyi, usayankhule ndi munthu, usacheuke, mpaka pakhomo pa amako. Ukangoyankha wina, abambo ako atsalira pomwepo. Tinawaitana kale kamodzi polakwika. Lero tikawagwetsa panjira, sadzatimveranso."

Anagwada onse awiri. Azakhali anasesa matailosi ndi nthambiyo pang'onopang'ono.

"Elisha, ndine mlongo wako. Tinakufuna kolakwika, tikhululukire. Dzuka, kuno si kwanu. Mwana wako ndi uyu, umutsate."

Makina onse anatsitsa mawu nthawi imodzi, monga anthu amachitira wamkulu akalowa. Azakhali anamupatsa Fanuweli nthambi. Kanthambi kouma, kochepa, koma anachita kukagwira ndi manja awiri.

Anatuluka. A Likagwa anali pamutu pa masitepe.

"Mwatha? Chabwino. Fanuweli, ukabwerako tidzakambirane za malipiro ako. Ndimaganiza zokukweza."

Fanuweli anawadutsa.

"Ndikuyankhula nawe, Ndau."

Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Bwana anamutsatira pambuyo, ndipo kukhala chete kwa mnyamatayo kunayamba kuwatafuna.

"Wakuuza chiyani Goliati? Ndi chidakwa ameneyo. Tamvera. Ine abambo ako ndinawapeza atagwa kale m'chipindamo. Ankapuma, inde ankapuma, ndinkaganiza kuti angokomoka. Alendo a kubanki anali atafika kale pansipa kudzaona malo athu. Ukanakhala iwe ukanatani? Ndiwaonetse munthu ali gone pansi? Ndinangotseka chitseko kwa kanthawi. Ndinawafunditsa juzi yawo, sindinawasiye choncho!"

Minga ya kankhande inalowa m'zikhatho za Fanuweli. Sanamve. M'makutu mwake munkalira ngati chigayo. Mawu onse amene anawasunga chiikire maliro anakwera n'kudzaza pakhosi, otentha, okonzeka. Ankangofunika kutembenuza khosi basi.

"Alendowo anachedwa kupita, si vuto langa. Anafuna tiyi. Anthu onse amadya pano, iwenso ukudya pano! Ndakutola pamsika iwe, wa Fomu 2, lero ukundiyendera ngati ndine galu? Abambo ako anali otha kale. Yankha!"

Dzanja lamphete lija linagwira kolala ya malaya ake. Fanuweli anaima. Analuma lilime mpaka anamva mchere wa magazi. Nthambi inanjenjemera m'manja mwake, ndipo sanadziwe ngati akuinjenjemeretsa ndi iye.

"Bwana, musiyeni." Anali mawu a Upile, kumbuyo. "Musiyeni. Tamva tonse. A pamatayala nawonso amva."

Dzanjalo linamasuka. Pansi pa masitepe, a Goliati anali atatsegula geti, chipewa chili m'manja, akulira ngati mwana. Anati, "Pita bwino, Elisha." Sanayang'ane Fanuweli. Anayang'ana pambali pake.

M'minibasi azakhali analipira malo atatu. Kondakitala anadandaula. "Amayi, mpando wa kamtengo? Nanga mwana wanuyu ndi bubu?"

"Ndi bubu lero lokha. Mawa adzakutukwana, usadandaule. Tiye."

Mayi wina wonenepa anayesa kudzipanikiza pampando wopanda munthuwo. Anangokhudza, n'kudzuka yekha, n'kukakhala pa injini. Palibe anayesanso.

Pa Zalewa panakwera nkhalamba ina yovala chikhoti chachitali, kunja kukutentha choncho. Inayang'ana m'minibasi monse, maso ake n'kuima pampando uja. Inavula chipewa.

"Wawa, a Ndau. Mwakhalitsatu."

 Fanuweli anafuna kufunsa kuti inu ndani, mwawadziwira kuti. Azakhali anamutsina pantchafu. Nkhalambayo inatsikira pamalo opanda nyumba, opanda njira, ndipo kondakitala sanailipiritse, ngati sanaione n'komwe.

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Ana amene anathamanga kudzawalonjera anabwezedwa ndi dzanja la azakhali. Agalu sanauwe. Analowa pansi pa nkhokwe.

Amake a Fanuweli anali ataima pakhomo, mpango wakuda kumutu. Sanamuyang'ane mwana wawo. Anayang'ana paphewa pake, chakumanja, nkhope yawo n'kufewa.

"Mwachedwatu, bambo a Fanuweli. Lowani, moto ndasonkha."

Anapatuka pakhomo kuti wina adutse. Nthambi inapepuka m'manja mwa Fanuweli, n'kukhala kamtengo wamba. Azakhali anailandira, anaona magazi m'zikhatho zake, n'kupukusa mutu.

"Wakula lero. Tsopano ukhoza kuyankhula."

Fanuweli analavula magazi pambali. Anagwada pakhomopo, akuyang'ana mdima wa m'nyumbamo, pamene moto unali utayamba kuweramira mbali imodzi popanda mphepo. Amake ankayembekeza kuti alira. Azakhali ankayembekeza pemphero.

"Ababa, mwafika kwanu," anatero ndi mawu osasa. "Otherani moto. Idyani, mupume. Zimene ananena pamasitepe paja munadzimvera nokha, ine sindiwonjezerapo. Koma mukapuma, mphamvu zikabwerera, njira ya ku Limbe mwaiona lero. Simufunikanso wokuperekezani."

"Iwe Fanuweli!" anakuwa azakhali. "Bweza mawu amenewo!"

Koma m'nyumbamo, m'munsi mwa chitseko, munamveka kugogoda kamodzi.

Taikani nkhuni pamotopo. Amene akuti akufa amaiwala, akafunse ku Limbe chifukwa chake bwana wina masiku ano sakwera masitepe yekha.